Amisiri Omanga Ampulifaya m'Mapikapu

Pikapu ikamadutsa nyimbo zikugunda, kaya ndi ya kampeni, ya otsatsa malonda kapena yoperekeza ukwati, pali munthu amene anakhala tsiku lathunthu atapinda msana pansi pa chiwongolero kuti phokosolo limveke. Amisiri amenewa mumawapeza m'magalaja a ku Biwi ndi ku Mchesi mu Lilongwe, ku Ndirande ndi ku Limbe mu Blantyre, ena pansi pa mtengo chabe. Ena anadutsa m'masukulu a ntchito zamanja monga Lilongwe Technical College, kapena m'maphunziro oyang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1999. Ambiri anayamba ngati anyamata opatsira sipanala, n'kumaphunzira poonerera.

Ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi yaing'ono. Galimoto zochokera ku Japan zimabwera ndi wailesi yoyambira pa 76 kulekeza pa 90 MHz, pomwe nyumba zoulutsira mawu kuno zili pakati pa 87.5 ndi 108. Mmisiri amaika kachipangizo kosuntha manambalawo, kapena amachotsa wailesiyo n'kuika Pioneer kapena Kenwood. Izi satenga nazo nthawi.

Pamene luso limaonekera ndi pomanga ampulifaya, makamaka mu pikapu. Hilux kapena Isuzu ya mipando iwiri ilibe buti. Ampulifaya imayenera kupeza malo kuseri kwa mpando kapena pansi pake, pomwe mpweya ukudutsa, chifukwa ikatentha imazima yokha. Mmisiri wodziwa amayamba wamasula waya wa negativu pa batire. Kenako amakoka waya wonenepa kuchokera ku batire, n'kuudutsitsa pa chitsulo cholekanitsa injini ndi pokhala anthu, ndipo pabowopo payenera kukhala labala. Popanda labalayo, m'misewu yathu ya mabampu chitsulo chimadya chikopa cha waya pang'onopang'ono mpaka tsiku lina shoti. N'chifukwa chake fyuzi imaikidwa pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 45. Fyuziyo ntchito yake ndi kuteteza waya ndi galimoto yonse kuti isayake. Ampulifaya ili ndi zodzitetezera zake. Waya wa earth umakhala waufupi, womangidwa pa chitsulo chopalidwa penti ndi dzimbiri. Mawaya a RCA, otenga nyimbo kuchokera ku wailesi, amadutsa mbali ina, wamagetsi mbali inanso. Earth ikakhala yosagwira bwino kapena mawayawa akagonerana, masipika amayamba kulira kamluzu kamene kamakwera dalaivala akaponda moto.

Zonsezi zimabisika pansi pa kapeti, ndipo apa ndi pamene pagona vuto la ntchitoyi. Kasitomala amabwera ndi katoni yolembedwa mawati 3,000, osadziwa kuti nambala yoti aikhulupirire ndi ya RMS, yomwe kawirikawiri imakhala yaing'ono kwambiri. Ndalama zonse wathera pa ampulifaya ndi woofer. Mmisiri akanena kuti, "Bwana, pafunika waya wa geji 4 wa mkuwa weniweni," yankho limakhala lakuti, "Ingolumikizani ndi uliwonse, bola ziimbe." Komatu ampulifaya ya mawati 500 enieni ikamagunda mwamphamvu imatha kukoka ma amp opitirira 40 pa magetsi a mavoti 12 mpaka 14. Waya wowonda umatentha. Pamsika padzazanso waya wa aluminiyamu wokutidwa mkuwa pamwamba, wotchipa, wooneka bwino, koma wosanyamula magetsi mofanana ndi mkuwa. Mmisiri wanjala amagonja, n'kupotokola mawaya ndi zala, n'kukulunga tepi. Woikira kumbuyo dzina lake amakana, ndipo nthawi zina kasitomala amapita kwa mnzake wa tsidya la msewu. Ine ndili kumbali ya wokanayo, ndipo ndimaona kuti ndalama imene amatchula ndi yochepa poyerekeza ndi galimoto imene akuipulumutsa.

Palinso kakonono kolembedwa gain, komwe eni galimoto amakonda kukapotoza mpaka kumapeto akangochoka pa galaja, poganiza kuti ndi voliyumu. Kamenekaka n'kogwirizanitsira mphamvu ya wailesi ndi ya ampulifaya. Kakapyola muyeso, mawu amasasa, koyilo ya sipika imapsa, ndipo mlandu umabwerera kwa mmisiri.

Amene amamanga zokuzira mawu za misonkhano amaganiziranso za batire. Injini ikazima, alitaneta satchaja, ndiye msonkhano ukatha galimoto imafuna kukankha. Mmisiri wabwino amalangiza batire lachiwiri lapaderadera. Amafunsanso kaye mavoti a galimotoyo asanagwire waya, chifukwa malole ambiri amayendera 24, ndipo ampulifaya ya 12 ikalumikizidwa pamenepo imapsa nthawi yomweyo.