Hood ya pa island: musatseke ceiling musanaganize za utsi

Pitani ku Chalala, ku Silverest olo ku Lilayi muone nyumba zimene zikumangidwa manje. Pafupifupi aliyense afuna kicheni ya open plan yokhala ndi island pakati, stove ili pamenepo, wophika akuyang'ana alendo mu sitting room m'malo moyang'ana chipupa. Pa TikTok zimaoneka bwino maningi. Koma pa TikTok sakazinga kapenta.

Stove ikakhala ku chipupa, chipupacho chimathandiza kukweza utsi kupita mu hood. Pa island palibe chotchinga. Kamphepo ka pa window olo pa chitseko kamakankha utsi mbali iliyonse, ndipo saladi yonse ija imathera mu makatani ndi mu sofa ya nkhongole. Ndiye chifukwa chake pamafunika hood yolendewera kuchokera kumwamba. Vuto ndi lakuti ambiri amaikumbukira nyumba itatha kale, penti itauma.

Hood ya pa island ndi yolemera, zambiri zimapitirira makilo 20. Ceiling ya PVC olo ya rhino board siingagwire katundu wotero, olo ba carpenter akuuzeni ati "tizaikapo ma screw yambiri, bosi". Iyenera kumangidwa ku mapulanga olimba amene akhomedwa pakati pa ma truss, olo ku fulemu ya chitsulo. Ma welder a ku Kalingalinga angakupangireni fulemuyo mukawapatsa miyeso. Ngati pamwamba pali slab, pafunika ma bolt a mu konkiliti. Zonsezi, pamodzi ndi waya wa malaiti, zimachipa pamene ceiling ikalibe kutsekedwa. Mukachedwa, mudzalipira kawiri: wophwanya ndi wokonzanso. Ndipo kumbukirani chimene chili pansi pake: poto ya saladi yotentha, ndi munthu, nthawi zina mwana ali kumbuyo.

Manje utsi wakokedwa, upita kuti? Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi paipi yotulutsa utsi panja. Iyi ndiye yeniyeni kwa ife amene timakazinga nsomba, nkhuku ndi vinkubala, ndi kuphika nyemba maola awiri. Paipi ikhale ya 150 mm ngati buku la hood likutero, yachitsulo, yaifupi, makona ochepa, chifukwa kona iliyonse imadya mphamvu ndi kuonjezera phokoso. Chimene simuyenera kulola ndi chakuti paipi ithere mkati mwa denga, pakati pa ceiling ndi malata. Amisiri ena amachita zimenezi kuti amalize msanga, kaili mwini nyumba sakwera kukaona. Mafuta ndi chinyezi zimaunjikana pa mapulanga ndi pa mawaya, ceiling iyamba madontho achikasu, ndipo tsiku lina kamoto kang'ono kadzapeza chakudya chokonzeka.

Njira yachiwiri ilibe paipi: mpweya umadutsa mu filter ya makala ndi kubwerera m'nyumba momwemo. Imachepetsa fungo, koma nthunzi siichotsa, ndipo filter ifunika kusintha pa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Musanalipire, funsani wogulitsa ngati ma filter a hood imeneyo ali nawo pa shelefu. Akayamba "tizaitanitsa", ganizani kawiri.

Za mphamvu, osatengeka ndi galasi lopindika ndi tumalaiti twa buluu. Tengani tepi. Chulukitsani utali, m'lifupi ndi kutalika kwa chipinda, kenako chulukitsani ndi 10. Chipinda cha mamita 5 ndi 4, chotalika mamita 2.7, chili ndi ma cubic metre 54, ndiye mufunika hood yokoka osachepera 540 pa ola. Nambala imeneyi imalembedwa pa bokosi. Ngati kicheni yalumikizana ndi sitting room popanda chipupa, kwererani pamwamba pang'ono. Hood ikhalenso yaikulu kuposa stove: ya 60 cm ifuna hood ya 90 cm. Ndipo auzeni aiyatse mu shopu mumve kulira kwake. Hood imene imaposa TV anthu amaizimitsa, ndipo imasanduka chokongoletsa chodula.

Mpata pakati pa stove ndi hood nthawi zambiri ndi 65 cm pa stove ya malaiti, ndi 75 cm pa ya gasi, koma buku lake ndilo lili ndi mau omaliza. Ikatsika kwambiri, bambo wamtali adzagunda mutu tsiku lililonse. Ikakwera kwambiri, utsi uthawa. Ngati ceiling yanu ili pamwamba maningi, onani ngati chumuni cha hood chingafike.

Chichokereni 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo load shedding inafika poipa, mabanja ambiri anasamukira ku gasi. Apa pali kamsampha: malaiti akapita gasi iphika, koma hood siizungulira. Mota yake siidya kwambiri, mazana ochepa chabe a ma watt, ndiye ngati muli ndi inverter uzani ba electrician aiike pa mzere womwewo. Ngati mulibe, tsegulani ma window. Koma mbaula ndi malasha zikhale panja, hood ilipo olo palibe. Mpweya wa malasha ulibe fungo, umapha, ndipo filter ya makala siiugwira.

Kwa amene muli pa renti, isiyeni nkhani iyi. Ba landlord sadzakubwezerani ndalama ya chiboo cha pa malata. Ndipo amene mukali pa maziko, ngati thumba silifika pa hood, fulemu ndi paipi zonse pamodzi, ikani stove ku chipupa chakunja ndi hood wamba, imene imachipa ndipo paipi yake imangoboola chipupa. Island ikhalepo ndithu, ya kudulirapo rape ndi tomato, ndi ana kulemberapo homework.