Haidrojeni imodzi yokha ndiyo imasiyanitsa aldehyde ndi ketone

Anzanga a Fomu 4, mutuwu ndi wanu, koma ife a Fomu 2 tinaugunda kale pa Biology. Paja tikamayesa chakudya ndi Benedict's solution, madzi abuluu aja amafiira ngati njerwa yootcha? Amawafiiritsa ndi shuga wa glucose, amene ali ndi gulu la aldehyde. Buku lanu limati alkanal ndi alkanone, koma ndi zomwezi: alkanal ndi aldehyde, alkanone ndi ketone.

Tengani propanal ndi propanone. Onse fomula yawo ndi C3H6O, onse ndi oyera ngati madzi. Propanone ndi acetone yomwe achemwali amachotsera utoto wa m'zikhadabo. Pongoyang'ana simungawasiyanitse, ndipo zonunkhiza musayese, si ndiwo izi.

Onse ali ndi carbon yogwirana kawiri ndi oxygen, C=O. Mu aldehyde gululi lili kumapeto kwa tcheni, ndiye carbon ija imagwiranso haidrojeni. Mu ketone lili pakati, uku carbon uku carbon, haidrojeni palibe. Chifukwa cha haidrojeni imeneyo, aldehyde imalandira oxygen mosavuta n'kusanduka asidi. Ketone imakana. Mayeso onsewa akufunsa funso limodzi: kodi iwe umalandira oxygen kapena ayi?

Fehling's solution, yomwe anaikonza Hermann von Fehling wa ku Germany mu 1849, imachita ngati Benedict's. Ubuluu wake umachokera ku copper. Mukaitenthetsa ndi propanal, pansi pa test tube pamadikha zofiira, zomwe ndi copper(I) oxide. Ndi propanone imakhala yabuluu mpaka belu lolowera kunyumba.

Ine yondisangalatsa ndi ya Tollens, ngakhale ndangoiona pa chithunzi, poti silver nitrate si mchere woti mukaupeza pa msika wa Domasi. Aldehyde imatulutsa siliva weniweni amene amamatira m'kati mwa test tube, mpaka munthu kudziona ngati pa kalilole. Ketone siichita kanthu. Koma Tollens amakonza pomwepo n'kutsuka pomwepo, chifukwa ikagona imapanga zinthu zophulika. Komanso test tube muziiviika m'madzi otentha, osaiika pa lawi, pakuti propanone sichedwa kuyaka.

Chenjerani ndi Brady's reagent. Iyo imapereka zachikasu kapena za orenji kwa onse awiri, ndiye imangokuuzani kuti C=O ilipo. A MANEB akafunsa kusiyanitsa inu n'kulemba Brady's, malikisi apita.

Pali kachinyengo kena. Fructose, shuga wa mu uchi ndi m'mango okupsa, ndi ketone, koma Benedict's imafiirabe. Chimachitika n'chakuti madziwo ndi a alkali, ndipo m'menemo fructose imasintha n'kukhala glucose, ndiye aldehyde yabwera. Pomwe shuga wa Illovo wa m'paketi, wotsekemera chonchija, amasiya madzi ali abuluu, chifukwa mu sucrose glucose ndi fructose zagwirana pamalo enieni amene akanachita ntchitoyo. Mukamuwiritsa kaye ndi asidi wosungunula, zimalekana, kenako muthire sodium hydrogencarbonate kuti asidiyo athe mphamvu. Mukayesanso, kufiira kuja kumabwera.