Nkhuli Ikakugwirani, Yambani Mwaifunsa Chimene Ikufuna

Amayi anzanga, tonse timaidziwa nkhuli. Wadya nsima ya masamba sabata yonse, kenaka ukudutsa pa msika wa Migowi kapena wa Chiringa, fungo la pa chiwaya likukoka mtima. Ena sawakoka ndi nyama ayi, koma tiyi wa shuga wambiri, mandasi, kapena botolo la chakumwa chozizira dzuwa likaswa mtengo. Kulakalaka chakudya chokoma si kufooka ndipo si chinthu chochititsa manyazi. Ndi uthenga wochokera m'thupi, ndipo ntchito yathu ndi kuumva bwino tisanauyankhe ndi ndalama ya m'mpango.

Nkhaniyi ndi yaikulu kuposa momwe imaonekera. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti mwa anthu atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno, mmodzi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Pafupifupi anthu 6 mwa 100 aliwonse anali ndi matenda a shuga. Matendawa salinso a m'tauni mokha, ndipo mchere, shuga ndi mafuta zimene timadya tsiku ndi tsiku zili ndi mbali yake.

Uthenga woyamba: njala yeniyeni

Mayi amadzuka m'mamawa, kusesa, kukatunga madzi, kuphikira ana phala, kenaka kumunda m'mimba mulibe kanthu. Masana amagawira onse, iye n'kudya zotsala ataimirira pafupi ndi moto. Thupi lotere likafika madzulo limafuna chinthu cholipatsa mphamvu msangamsanga, ndipo chinthu chimenecho ndi shuga ndi zokazinga. Vuto lake n'lakuti zotsekemera zimakweza shuga wa m'magazi mofulumira, n'kutsikanso mofulumira, njala n'kubwerera posachedwa.

Mankhwala ake ndi kudya m'mawa chinthu chokhalitsa m'mimba: phala la mgaiwa lothira nsinjiro, futali wa mbatata, kapena mkute ndi nandolo wotsala. Zakudya za gaga, za nyemba ndi za mtedza zimagayika pang'onopang'ono, motero munthu amafika masana osanjenjemera. Musanagule chakumwa, yambani mwamwa kapu ya madzi, chifukwa nthawi zina chimene tikuyesa njala ndi ludzu la kutentha kwa chigwa chathu chino.

Uthenga wachiwiri: m'kamwa mwatopa

Ndiwo yomweyomweyo yophikidwa mofanana tsiku lililonse imakhutitsa mimba koma osati m'kamwa. Apa m'pamene luso la mphika limagwira ntchito. Phalombe ndi kwawo kwa nandolo, ndipo tili ndi khobwe, nzama, matemba a ku Chilwa, mkhwani, kholowa, chisoso, bonongwe ndi mfutso. Lero tenderani mkhwani, mawa phikani nandolo wamuwisi ndi anyezi ndi tomato, mkuja sakanizani matemba ochepa ndi masamba kuti fungo lake lifike pa mbale ya aliyense. Kanyama kapena dzira kamodzikamodzi, ngakhale kagawo kakang'ono, kamathetsa nkhuli isanakule. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timaphunzitsa kusikelo sikuti amangomanga thupi, amathandizanso kuti chakudya chisatopetse.

Kukoma sikuchokera mu mchere wokha. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, omwe ndi pafupifupi sipuni yaing'ono ya tiyi imodzi, kuwerengera ndi mchere umene uli kale mu nsomba zouma, buledi ndi timibulu tokometsera ndiwo. Mukachepetsa pang'onopang'ono, n'kuwonjezera anyezi, adyo, tsabola kapena madzi a mandimu, lilime limazolowera pakapita masabata angapo, a m'nyumba osadandaula n'komwe.

Uthenga wachitatu: chizolowezi ndi nkhawa

Pali chilakolako china chimene chimabwera m'mimba muli mokhuta. Chimabwera munthu akatopa, akakhumudwa, akasowa tulo, kapena chifukwa choti nthawi imeneyo anazolowera kudya kanthu. Chizindikiro chake n'chakuti chimafuna chinthu chimodzi chokha, ndipo mukachipatsa mbatata yophika chimakana. Chilakolako chotere chimakwera n'kutsika chokha mukachidikira kanthawi. Ngati chikadalipo, idyani kachinthuko mutakhala pansi, kamodzi, mukukamva kukoma. Kudziletsa kotheratu nthawi zambiri kumatha ndi kudya mopitirira muyeso mobisa. Koma tisaiwalenso mawu a akuluakulu aja akuti chakomachakoma pusi anagwa chagada. WHO imati shuga wothira asapitirire masipuni aang'ono 12 pa tsiku, ndipo 6 ndiye bwino koposa. Botolo limodzi la chakumwa cha gasi la mamililita 300 limakhala ndi masipuni pafupifupi 8.

Uthenga wachinayi: magazi achepa

Uwu ndi umene ife azamba timaukhalira tcheru. Mayi woyembekezera akamalakalaka dothi, makala kapena madzi oundana, kawirikawiri magazi ake amakhala atachepa. Dothi silibwezera magaziwo. Limatha kubweretsa njoka za m'mimba, kudzimbidwa, komanso kutsekereza ayironi wa m'chakudya kuti asalowe m'thupi. Mayi wochepa magazi akataya magazi pochira, moyo wake umakhala pachiswe. Mukaona mwana wanu wamkazi kapena mpongozi wanu akubisa dothi m'chitenje, musamukalipire. Mulimbikitseni akanene kusikelo, ku Holy Family kapena ku chipatala chilichonse chapafupi, kuti amuyeze magazi, ndipo azimwa mapiritsi owonjezera magazi osadumphitsa. Muzimupatsa matemba, nyemba ndi masamba obiriwira pamodzi ndi gwafa, mango, papaya kapena malambe, chifukwa zipatso zimathandiza ayironi kulowa m'thupi. Tiyi amwe patapita ola limodzi atadya, osati pamodzi ndi chakudya.

Khalani pansi, amayi

Ubongo umatenga mphindi pafupifupi 20 kuti uzindikire kuti mimba yakhuta. Wodya mothamanga amapitirira muyeso asanamve, kapena amamaliza osamva kukoma kulikonse. N'chifukwa chake ndikupemphani kuti pogawa, mbale yanu muziika pambali pamodzi ndi za ena, ndiwo zake zokwanira. Mukapempherera chakudya, khalani pamphasa, foni ikhale patali, tafunani modekha. Yambani ndi mitanda imene mukudziwa kuti ikukwanirani, ndiwo zichulukeko kuposa kale.

Pa misonkhano yathu ya bungwe la amayi tingathenso kuyambitsa chitsanzo. M'malo mwa kireti ya zakumwa, gulu limodzi libweretse thobwa la shuga wochepa, lina chigumu, mtedza wokazinga kapena zipatso za nyengoyo. Ndipo mwezi uno, aliyense amene sanayezetse kuthamanga kwa magazi chaka chino atengane ndi mnzake, apite akayezetse.