Galimoto yotchaja ndiponso yomwa petulo: zimene ndinaona pa mtsetse wa Ku Chawe

Mwezi wathawu kunabwera bambo wina ku galaja kwathu kuno ku Zomba, nkhope ili yakugwa. Anabwera pa galimoto yakuda yaitali, BMW 530e, imene anaitanitsa kuchokera ku UK itayendapo kale. Atatsika anandikokera pambali kuti anyamata anga asamve. "Amisiri," anatero, "ndalama zanga zalowa m'madzi. Ndikamatsika phiri injini ikungozima yokha, singano ya injini n'kugwera pa ziro, galimoto n'kumangoyenda zii ngati ndili pa njinga. Ndikuopa tsiku lina mabuleki adzandikana pakona."

Ndinawayankha kuti, "Bwana, boneti tisatsegule kaye. Tiyeni tikwere limodzi mpaka ku Ku Chawe, inu muyendetse, ine ndiziyang'ana."

Galimotoyo inalibe vuto lililonse. Inkachita zimene anaipangira. Koma mantha a bambo aja ndawaona mwa anthu ambiri, ngakhale mwa amakaniko anzanga, n'chifukwa chake sabata ino ndati ndifotokoze za galimoto zimene azungu amati plug-in hybrid, ife timangoti haibulidi yotchaja.

Haibulidi wamba tonse tikuidziwa. Toyota inatulutsa Prius ku Japan mu 1997, ndipo lero ma Aqua ndi ma Fit adzaza m'misewu yathu. Zimenezo zili ndi kabatire kakang'ono kamene kamadzitchaja kokha galimoto ikamayenda, simungakalumikize kukhoma. Yotchajayi ili ndi batire lalikulu kangapo kuposa apo, ndipo ili ndi zitseko ziwiri zing'onozing'ono m'mbali mwake: china chothirira petulo, china cholowetsa pulagi. Kukula kwa batire timakuyeza ndi muyeso umene aliyense wogula magetsi a ESCOM amaudziwa, mayunitsi. Yuniti imodzi ya pa mita yanu ndiyo kilowatt-hour imodzi. 530e yoyamba, ya mu 2017, inali ndi batire la mayunitsi 9.2, ndipo kuyambira mu 2019 analikulitsa kufika pa 12. Ya bambo aja inali ya mayunitsi 12. Mercedes-Benz nayo ili ndi E 300 e, Volvo ili ndi S90 T8. Zonsezi ndi galimoto za mabwana, za mipando yachikopa, zoti munthu akhale kumbuyo akuwerenga mapepala a msonkhano.

Mkati mwake muli chiyani? Kutsogolo kuli injini ya petulo ya malita awiri, ya masilinda anayi, ya turbo, yotulutsa makilowati 135. Kumbuyo kwa injiniyo kuli giyabokosi ya magiya 8. Pakati pa ziwirizi, pamalo pamene galimoto ya otomatiki wamba imakhala ndi torque converter, anaikapo mota ya magetsi ya makilowati 83, yozungulira ngati chivundikiro cha poto wamkulu. Pakati pa mota ndi injini pali kilatchi imene kompyuta imatsegula ndi kutseka. Ikatsegula, injini imasiyidwa payokha n'kuzima, mota yokha n'kumazunguza magiya. Ikatseka, ziwirizi zimakoka limodzi ngati ng'ombe ziwiri pa goli. Mphamvu yake yonse amailemba kuti makilowati 185. Mukaphatikiza 135 ndi 83 mupeza zoposa apo, koma chifukwa chake n'chakuti injini ndi mota sizifika pachimake nthawi imodzi: mota imakoka mwamphamvu kuyambira pamene galimoto yangonyamuka, pomwe injini imafuna iyambe yathamanga.

Tinanyamuka m'tauni pa magetsi okha. Titayamba chikweza, pamene msewu umayamba kukhotakhota m'mitengo ya paini, bambo aja anaponda moto pang'ono ndipo injini inadzuka, osagwedeza ngakhale chiwongolero. Ndinawalozera nambala ya batire pa dashibodi ikutsika pang'onopang'ono. Apa pali chinthu chimene chimandisangalatsa monga munthu wokhala m'tsinde mwa phiri. Mukamakwera, mpweya umachepa mphamvu, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi pa mamita 1,000 alionse. Injini yopanda turbo imafooka chimodzimodzi, n'chifukwa chake kagalimoto kodzaza anthu kamalira kwambiri pokwera ku Mulunguzi Dam. Turbo imabweza gawo lalikulu la mphamvuyo popanikizira mpweya mu injini. Mota ya magetsi siipuma mpweya n'komwe. Kaya muli ku Kachulu m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kaya pamwamba pa phiri pamene pamapitirira mamita 2,000, imakoka chimodzimodzi.

Phunziro lenileni linali potsika. Kuchokera m'tauni kukafika ku Ku Chawe munthu amakwera mamita pafupifupi 500. Galimotoyi, tili awiri m'katimo, imalemera pafupifupi makilogalamu 2,000. Kunyamula katundu wolemera chotero mamita 500 kumafuna mphamvu yokwana mayunitsi 2.7, osawerengera imene imatayika m'matayala ndi m'mphepo. Mphamvu imeneyo siisowa mukafika pamwamba. Imakhala ikudikira, monga madzi amene ali mu damu. Mukayamba kutsika imabwerera yonse, ndipo iyenera kupita kwinakwake. M'galimoto wamba imapita ku mabuleki n'kusanduka kutentha. Fungo lija mumalimva m'munsi mwa phiri, ngati la nsapato yopserera, ndi mafuta amene munagula ndi ndalama zanu akuthera m'mapadi.

M'haibulidi zimayenda mwina. Mukachotsa phazi pa moto kapena kuponda buleki pang'ono, kompyuta imasandutsa mota ija jenereta. Matayala ndi amene amaizunguza, iyo n'kumakankhira magetsi m'batire. Amene anakwerapo njinga ya dayinamo akudziwa kuti ukangoigundika pa tayala nyali imayaka koma kupalasa kumalemera. Kulemera kumeneko ndiko kumagwira galimoto pa mtsetse. Ndinauza bambo aja kuti aponde buleki mofatsa, osati modzidzimutsa, ndipo ayang'ane nambala ija. Inayamba kukwera. Injini inali zii chifukwa panalibe ntchito yoti igwire, ndipo chiwongolero ndi mabuleki zinali zamoyo chifukwa m'galimoto zotere sizidalira kuti injini ikhale ikulira. Sikuti mayunitsi onse 2.7 amabwerera, ayi. Theka kapena kupitirirapo pang'ono ndi limene limalowa m'batire. Titaima pamene anyamata amagulitsa sitiroberi, ndinawauza ayandikize dzanja pa limu lakutsogolo. Linali lofunda chabe. Anaseka koyamba tsiku limenelo.

Komabe pali chenjezo limene ndinawabwerezera kawiri. Ndowa yodzaza siilandira madzi ena. Mukagona pamwamba pa phiri n'kutchaja batire mpaka kudzaza, m'mawa potsika magetsi aja alibe kolowera, ndipo kompyuta imachepetsa kugwira kwa mota. Ntchito yonse imagwera mabuleki, pa galimoto yolemera matani awiri. Zikatero kankhirani giya ku manual, injini idzuke, mutsike pa giya yachiwiri kapena yachitatu monga madalaivala a malole amachitira. Ndipo mafuta a mabuleki azisinthidwa zaka ziwiri zilizonse. A mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sawira asanafike madigiri 230, koma akamwa chinyezi amatha kuwira pa 155. Kuno kwathu kwa nkhungu ndi mvula yambiri chinyezi sichisowa. Mafuta akawira, buleki imangolowa pansi osagwira.

Tsopano nkhani ya kutchaja, pamene ambiri amalakwitsa. Soketi ya m'nyumba zathu ndi ya mavoti 230, ndipo chingwe chimene chimabwera ndi galimoto yochokera ku UK chili ndi pulagi ya mano atatu yofanana ndi yathu. Chimakoka pafupifupi makilowati 2.3, ngati ketulo, koma ketulo imazima pakatha mphindi zisanu pomwe galimoto imakoka maola asanu osapuma. Ndaonapo soketi itasungunuka chifukwa mwini wake analumikiza ma extension awiri a pamsika kuchokera kukhitchini kudutsa pawindo. Itanani wa magetsi wovomerezeka akukokereni waya wakewake kuchokera pa bolodi, wokhala ndi breaker yake ndi earth yabwino. Amene aitanitsa galimoto ku Japan kudzera pa Dar es Salaam ndi Songwe ayang'anitsitse chingwe chake, chifukwa magetsi ndi mapulagi a ku Japan ndi osiyana ndi athu.

Batire lodzaza, pa misewu yathu ino, ndimaliwerengera makilomita 30 mpaka 40. Kwa munthu wokhala ku Matawale kapena ku Chinamwali wogwira ntchito m'tauni, zimenezo zimakwanira tsiku lonse osayatsa injini. Wopita ku Blantyre pa M3, makilomita oposa 60, batire limathera panjira ndipo injini imapitiriza popanda kuima. Ubwino wake kwa ife uli pamenepo. Magetsi athu ambiri amachokera mu mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022. Tikukumbukiranso mizere ya pa filling station m'chaka chomwecho ndi mu 2024. Galimoto ya magetsi okha imagona magetsi akasowa. Ya petulo yokha imagona pa mzere. Iyi ili ndi kothawira kuwiri.

Koma walira mvula walira matope. Batire lili pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo pofuna kulipezera malo anachepetsa thanki kufika pa malita 46, buti n'kutsika kuchoka pa malita 530 kufika pa 410. Galimotoyi ndi yofupika pansi. Anaipangira misewu ya ku Germany, osati msewu wafumbi wopita ku Chingwe's Hole nthawi ya dzinja. Ndipo amene saitchaja n'komwe wangogula galimoto ya petulo yosenza katundu wopanda ntchito. Ngati kunyumba kwanu kulibe poitchajira, langizo langa ndi lakuti mugule haibulidi wamba kapena ya petulo, ndalama zotsalazo mugulire matayala abwino.

Palinso vuto la mbali inayo. Munthu akamayenda pa magetsi okha miyezi yambiri, petulo amagona m'thanki. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi Nchalo, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Thanki ya galimoto zotere ndi yotsekedwa mwamphamvu, n'chifukwa chake pothira mafuta mumayamba mwadina batani n'kudikira pang'ono kuti mpweya utuluke chitseko chisanatseguke. Musachikanule ndi sikulu dalaivala. Kamodzi pa sabata yendani ulendo wautali ndithu kuti injini itenthe bwino ndipo mafuta asinthike.

Mawu anga omaliza apite kwa amakaniko anzanga, makamaka achinyamata amene akuphunzira ntchito pansi pa mitengo ya mango. Mukatsegula boneti n'kuona zingwe zokhuthala za mtundu wa olenji, manja kumbuyo. M'menemo mumadutsa mavoti oposa 300, ndipo batire lake silizima chifukwa choti mwachotsa kiyi. Pali ndondomeko yake yozimitsira, pamafunika magulovu ake ndi mita yotsimikizira kuti magetsi athadi. Safunsa anadya phula. Galimoto ikakana kuyaka, yambani mwayeza kabatire wamba ka mavoti 12, pakuti ndiko kamadzutsa makompyuta ndi kutseka masiwichi a batire lalikulu. Kakafooka, galimoto yonse imakhala ngati yafa ngakhale batire lalikulu lili lodzaza. Ndiponso musathire gasi ndi mafuta a AC alionse amene mwawapeza. Mu 530e, AC yomweyo ndi imene imaziziritsa batire, ndipo kompresa yake ndi ya magetsi, yofuna mafuta akeake osadutsa magetsi. Kutentha kwa Okutobala kukapeza AC yofooka, batire ndi limene limakalamba msanga, ndipo mtengo wa batire latsopano ungagule galimoto ina yaing'ono.

Bambo aja sindinawalipiritse kanthu kupatula mafuta a mabuleki amene tinasintha. Eni galimoto zotere, musanapereke kiyi kwa makaniko aliyense, mufunseni kaye ngati anaphunzira kuzimitsa batire lalikulu. Akazengereza poyankha, tengani kiyi wanu.