SITIMA YA KU MAKHANGA: ULENDO WODALIRA MVULA

Akuluakulu adati madzi saiŵala khwaŵa. Anthu a ku Makhanga, kutsidya la kum'maŵa kwa mtsinje wa Shire m'boma la Nsanje, amaudziŵa bwino mwambi umenewu, pakuti sitima yawo ya pamtunda idathetsedwa ndi madzi.

Njanji yodutsa pa Makhanga ndiyo yakale kuposa zonse m'Malaŵi. Idatsegulidwa m'chaka cha 1908, kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, mpaka ku Blantyre. Mlatho wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi utatha mu 1935, katundu ankachoka ku Limbe n'kukafika ku doko la Beira osatsitsidwa panjira. Masiku amenewo siteshoni ya Makhanga inali panjira ya malonda a dziko lonse.

Zinthu zidayamba kusintha m'zaka za m'ma 1980, pamene nkhondo ya ku Mozambique idatseka njira ya ku Beira. Kenaka mu 1997 madzi osefukira adakokolola njanji pa Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire. Kuyambira pamenepo sitima yochokera ku Limbe inkathera pa Makhanga, ndipo a ku Bangula ndi ku Nsanje adatsala opanda sitima. Kampani ya Central East African Railways italandira njanji kuchokera ku Malaŵi Railways mu 1999, idapeza njirayi ili yoduka kale. M'zaka zotsatira sitima ya apaulendo inkafika pa Makhanga kamodzi kokha pa mlungu.

Nanga n'chifukwa ninji sitimayi inkachedwa kapena kulephereka? Choyamba, njanjiyi ndi ya mzere umodzi, kotero kuti sitima ziŵiri sizingapambane pena paliponse koma pa siteshoni. Imodzi ikafa panjira, njira yonse yatsekeka. Chachiŵiri, kumusi kwa Luchenza njanji imatsika mapiri a Thyolo motsata chigwa cha Ruo. M'dzinja dothi limagumukira pa njanji, ndipo madzi amachotsa miyala imene imachirikiza zitsulo. Woyendetsa sitima wanzeru amayenda pang'onopang'ono pamalo otere, apo ayi ulendo umaimitsidwa kufikira amisiri atakonza. Chachitatu, ndalama za njanji zimachokera ku katundu wolemera. Njira ya ku Beira itatsekeka, matikiti a apaulendo okha sakadakwanira kulipira makonzedwe a milatho.

Munthu wa mumzinda basi ikamsiya amakwera ina. Sizinali choncho kwa mlimi wa nthochi wa ku Sandama kapena ku Thekerani, kumene misewu imavuta nthaŵi ya mvula. Iye ankadula mikoko dzulo lake, n'kuisenza kufikira pa siteshoni. Sitima ikapanda kubwera, yotsatira inali ya mlungu wamaŵa, ndipo nthochi sizidikira masiku asanu ndi aŵiri. Mwana wa sukulu wobwerera ku tchuthi, mphunzitsi wokatenga malipiro ndi wodwala wofuna chipatala chachikulu onse ankagona pakhonde la siteshoni, makutu ali kunjanji.

Madzi a mu Januwale 2015 ndiwo adamaliza zonse. Ruo adasefukira, adaononga njanji ndi midzi, ndipo Makhanga adasanduka ngati chilumba. Sitima ya apaulendo idaleka kufikako.

M'zaka zomwezo njanji yatsopano yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku Nacala idamangidwa kudzera pa Nkaya. Izi zikusonyeza kuti luso lomanga njanji yolimba lilipo ngati pali katundu wolipira. Funso limene aphunzitsi ndi achinyamata otsiriza sukulu ayenera kulilingalira ndi ili: kodi njanji ya anthu akumudzi, imene siibweza ndalama zambiri, adzailipirira ndani? Boma ndi kampani ya njanji akapanda kugwirizana pa yankho lake, mlimi wa kutsidya la Shire adzapitirira kugulitsa zokolola zake pamtengo wolira kwa aliyense wofika ndi galimoto.