MPIKISANO WA M'KADONTHO KA MADZI

Anthu a m'tauni ya Chipata amamwa madzi a ku madamu a Lutembwe, koma ambiri a m'midzi yozungulira amatunga pa zitsime. Madzi a pa citsime angaoneke oyera, koma m'kati mwace muli micere yosaoneka ndi maso. Wina wa micereyo ndiwo naitireti, umene ucokera ku feteleza ndi ku zimbudzi zokumbidwa pafupi ndi citsime. Ukacuruka, mwazi wa khanda ulephera kunyamula mpweya. Cifukwa cace bungwe la WHO linati usapitirire mamiligalamu 50 pa lita imodzi.

Nanga cosaonekaco aciyesa bwanji? Njira imodzi inakonzedwa ku America m'caka ca 1981. Atenga kapaipi ka galasi kamene njira yace ya m'kati njoonda ngati tsitsi, nalowetsamo kadontho ka madziwo, napititsamo magetsi. Mcere wosungunuka umagawika tizidutswa, ndipo magetsi atikoka. Tsono tiyamba kuthamanga monga ana pa mpikisano, mtundu uli wonse ndi liwiro lace, kufikira tapatukana. Ca kumapeto kuli nyali yotiona tikamapita. Nthawi yofikira iulula dzina la mcerewo, ndipo kukula kwa cizindikiro kuulula kucuruka kwace.

Potero maso okha sangaweruze madzi. Cimbudzi cikumbidwe kutali ndi citsime, ndiponso kumunsi kwace.