Amafunanji m'ziphakasa za 1932?

Chaka chilichonse mwezi wa Ogasiti, pokhapokha mvula ikasokoneza, chigwa cha mchere cha Bonneville m'chigawo cha Utah ku America chimadzaza ndi anthu ochokera kutali, ambiri mwa iwo imvi zili mbuu. Zina mwa galimoto zimene amabwera atakoka n'zoti munthu wamba ataziona akhoza kufunsa ngati zikupita kugalaja kapena kudzala. Zilibe denga, zilibe madigadi, ndipo pa zaka zimaposa eni akewo.

Galimotozi amazitcha hot rod. Ndi galimoto zakale, makamaka za Ford za m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, zimene munthu amaziphwasula zonse n'kuzimanganso ndi manja ake, atazichepetsa kulemera komanso kuziikira injini yamphamvu kuposa imene zidabadwa nayo.

Chodabwitsa n'chakuti galimoto yamakono yopitira kuntchito ikhoza kuisiya m'mbuyo hot rod ya injini yakale, woyendetsa osatuluka n'thukuta lomwe. Hot rod imasokosa, imamwa petulo ngati ili ndi ludzu la mwezi wa Okutobala, ndipo mvula ikagwa woyendetsa amanyowa. Kuimanga kumadya zaka komanso ndalama zoti munthu akadagulira galimoto yatsopano. Nanga anthuwa amafunamonji?

Kuti munthu amvetse, ayenera kuyamba wadziwa kuti mchitidwewu udabadwa ndi umphawi.

Pakati pa 1908 ndi 1927, kampani ya Henry Ford idapanga galimoto za mtundu wa Model T zoposa 15 miliyoni, kenako idatulutsa Model A. Pamene chuma cha America chidagwa mu 1929, galimoto zakutha zidali mbwee m'malo otayirako zitsulo ndipo zinkagulidwa pa mtengo wozizira. Anyamata a ku Los Angeles, amene sakadalota n'komwe zogula galimoto yapamwamba, ankasonkherana timadola n'kukakoka chiphakasa.

Nzeru yawo idali yachidule. Ngati ulibe ndalama yogulira mphamvu, chotsa katundu. Madigadi, mabampa, galasi lakutsogolo, zonse zinkagululidwa. Ankakonda mtundu wa roadster, galimoto ya mipando iwiri yopanda denga lachitsulo, chifukwa idali yopepuka komanso yotchipa. Maonekedwe amene lero anthu amawasirira m'zionetsero adayamba choncho, osati pofuna kukongoletsa ayi.

Malo oyesera liwiro adalipo aulere. Kumpoto kwa Los Angeles, m'chipululu cha Mojave, kuli nyanja zouma monga Muroc ndi El Mirage, kumene dothi lake n'lolimba ndi losalala ngati pabwalo lozira. Poyamba galimoto zingapo zinkanyamuka nthawi imodzi. Wotsogola yekha ndiye ankaona njira, otsatira ankathamanga m'fumbi la kobo, ndipo ngozi zinkachitika. Mu 1937 makalabu angapo adagwirizana n'kukhazikitsa bungwe la Southern California Timing Association (SCTA) kuti pakhale malamulo ndi mawotchi oyezera liwiro. Muroc adadzaitenga asilikali a ndege, ndipo lero ili mkati mwa Edwards Air Force Base, koma ku El Mirage bungweli likuchititsabe mipikisano.

Chimene chidakoleza moto ndi injini imene Ford adatulutsa mu 1932. Kufikira nthawiyo, injini ya masilinda 8 yotchedwa V8 inkapezeka m'galimoto za anthu olemera. Ford adaiika m'galimoto ya munthu wamba. Idali ya malita 3.6 ndipo mphamvu yake idali 65 horsepower. Amaitcha flathead chifukwa mavavu ake ali m'thupi la injini, pambali pa masilinda, kotero kuti mutu wake ndi chivindikiro chafulati chabe.

Injiniyi ili ndi zilema zake. Imapuma movutikira chifukwa mpweya umayenda njira yokhotakhota. Utsi wotentha umadutsa m'kati mwa thupi la injini usanatuluke, ndipo n'chifukwa chake flathead imadziwika ndi kuwiritsa madzi. Koma zilema zomwezi ndizo zidaipangitsa kukondedwa, pakuti chilema chilichonse chidali mwayi woti mnyamata wanzeru aonetse luso. Ena ankasula mitu ya aluminiyamu, ena ankasema kamushafuti kuti mavavu azitseguka kwambiri, ena ankaika makabuleta awiri kapena atatu m'malo mwa imodzi. Injini yosamalidwa choncho inkawirikiza mphamvu kawiri.

Mmodzi mwa anyamatawo adali Vic Edelbrock, makaniko wa ku Los Angeles. Mu 1938 adagula Ford roadster ya 1932 imene ankapitira kuntchito mkati mwa sabata, n'kumaigulula madigadi kumapeto kwa sabata kuti akathamangitse kuchipululu. Adapanga chipangizo chake chokhazikapo makabuleta awiri chimene adachitcha Slingshot, ndipo mu 1941, patangotsala masabata ochepa kuti America ilowe m'nkhondo, galimotoyo idapitirira makilomita 190 pa ola. Anzake adayamba kumupempha kuti awapangire chomwecho. Dzina la Edelbrock likadali pa zipangizo za injini mpaka lero.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse idaimitsa mipikisano, koma idanola anyamatawo. Ambiri adakagwira ntchito yokonza ndege, magalimoto ndi sitima zankhondo, ndipo adabwerako akudziwa kuwotcherera, kusema zitsulo ndi kuwerenga mapulani. Adabweranso ndi maso atsopano. Bill Burke adaona matanki a mafuta ooneka ngati dzira amene ankamangiriridwa kunsi kwa ndege zankhondo, n'kuganiza kuti chinthu chong'amba mphepo m'mlengalenga chikhozanso kuing'amba pansi. Mu 1946 adatenga thanki yotere, n'kuiika matayala ndi injini, iye n'kukhala m'kati mwake. Chaka chomwecho Alex Xydias, atangotuluka usilikali, adatsegula sitolo ya So-Cal Speed Shop ku Burbank, ndipo galimoto yake ya thanki ya ndege idadzatchuka kwambiri.

Komatu si onse amene ankapita kuchipululu. Ena ankathamangitsana usiku m'misewu ya m'tauni, anthu n'kumafa. Nyuzipepala zidayamba kugwiritsa ntchito dzina la hot rod ngati chitonzo, kutanthauza mnyamata wosamvera, ndipo apolisi adali nawo pa mpeni ndi mphasa.

Anthu awiri adathandiza kutsuka dzinalo. Robert Petersen adayambitsa magazini ya Hot Rod mu Januwale 1948, ndipo makope oyamba ankagulitsa yekha pa masenti 25 pakhomo la chionetsero cha galimotozi ku Los Angeles. Naye Wally Parks, amene adali mkulu wa SCTA ndipo adadzakhala mkonzi wa magaziniyo, adathandiza kuti mpikisano woyamba wa bungwelo uchitike ku Bonneville mu 1949. Mu 1951 adakhazikitsa National Hot Rod Association (NHRA) ndi cholinga chochotsa anyamata m'misewu kuti azipikisana pa mabwalo otetezedwa, pa mtunda wa mamita 402.

Mbiri yonseyi ikusonyeza kumene mchitidwewu udachokera, koma siikufotokoza chifukwa chimene munthu wa lero, amene sadaone umphawi wa 1930 kapena nkhondo, amathera madzulo ake m'galaja yozizira, manja ali bii ndi girisi. Chifukwacho chimaoneka munthu akayang'anitsitsa ntchito yeniyeniyo.

Ford ya 1932 ndi galimoto yoti munthu mmodzi akhoza kuidziwa yonse, kuyambira bauti yoyamba mpaka yomaliza. Ilibe kompyuta. Ikakana kulira, vuto limakhala pa moto, pa petulo kapena pa mpweya, ndipo mwini wake amalipeza ndi khutu, mphuno ndi sipanala. Galimoto yamakono ikayatsa kanyali kochenjeza, mwini wake amangoyenera kupita nayo kwa amene ali ndi makina oiwerengera. Anthu ambiri a m'mayiko olemera amagwira ntchito tsiku lonse osaona chimene manja awo apanga. Kwa munthu wotere, kutembenuza kiyi n'kumva injini imene waimanga yekha ikutsokomola kenako n'kulira si chinthu chaching'ono.

Ndipo palibe buku limene limamuuza kuti galimotoyo ioneke bwanji. Akafuna kutsitsa denga, amacheka mizati yonse n'kuchotsapo masentimita angapo. Poti mizati ina ndi yopendekeka, denga likatsika silikumananso bwino ndi thupi, choncho amayenera kuling'amba, kuwonjezera chitsulo, kuwotcherera ndi kusula mpaka chipsera chisaoneke. Magalasi onse amadulidwanso. Akachotsa pang'ono, galimoto imaoneka ngati sidakhudzidwe. Akachotsa kwambiri, mutu wake umagunda denga ndipo loboti saliona. Anthu odziwa akhoza kukangana madzulo onse pa masentimita awiri okha. Ena amatsitsa thupi lonse kuti limeze chesisi, ndipo woyendetsa amakhala ngati wakhala pamphasa, mawondo ali m'mwamba.

Zipangizo nazo zili ndi mwambo wake. Ford ya 1932 idabwera ndi mabuleki okokedwa ndi ndodo zachitsulo, ndipo kampaniyo idayamba kuika mabuleki a mafuta mu 1939. N'chifukwa chake omanga hot rod yachikale amasakasaka mabuleki ndi giyabokosi za 1939 kapena 1940, monga ankachitira anyamata a nthawi ija. Kabuleta yokondedwa ndi Stromberg 97. Kugwirizanitsa makabuleta atatu kuti azimwa mofanana ndi ntchito yofuna kudekha, ndipo ikatheka mwini wake amamva pa kaliridwe. Kusaka zipangizozi m'misika ya zitsulo zakale ndi theka la chisangalalo. Kumenekonso ndiko amapezana ndi anzawo, chifukwa palibe amene amadziwa zonse: wina ndi katswiri wa penti, wina wa mipando, wina wa magiya.

Poyendetsa, liwiro limene pa galimoto yamakono silimveka n'komwe, pa roadster limamveka m'mafupa. Chiwongolero n'cholimba, msewu ukuoneka pambali pa chigongono, matayala akutsogolo akuzungulira poyera, fungo la petulo lili m'mphuno. Kunena zoona, chitetezo chake n'chochepa, ndipo amene amakana zimenezi amadzinamiza. Galimotoyi imafuna kuti munthu akhale maso mphindi iliyonse, ndipo eni ake amaikondera chomwecho.

Pali zowawa zake. Galimoto ya amphawi ija idasanduka ya anthu opata. Filimu ya George Lucas ya mu 1973, American Graffiti, imene mudali Ford yachikasu ya 1932, idadzutsa chilakolako mwa abambo amene adali anyamata m'zaka za m'ma 1950 ndipo tsopano adali ndi ndalama m'thumba. Mu 1983 gulu loimba la ZZ Top lidaika Ford yofiira ya 1933 ya Billy Gibbons pachikuto cha chimbale cha Eliminator, dziko lonse n'kuiona. Mitengo idakwera. Mu 1997 chionetsero cha Pebble Beach, kumene kumapita galimoto za anthu olemera kwambiri, chidalola ma hot rod koyamba. Mu 2012 roadster yakuda yamalawi a moto imene idali ya Tom McMullen idagulitsidwa pa okushoni pa madola 700,000.

Ndalama zitalowa, kudabwera anthu olemba akatswiri kuti awamangire galimoto zonyezimira zimene zimapita kuchionetsero zitakwera ngolo, kuopa fumbi. Galimoto yotere ikhoza kukongola motani, koma chimene chidabala hot rod mulibemo, pakuti mwini wake sadagwirepo sipanala. Achinyamata a m'zaka za m'ma 1990 adaipidwa nazo ndipo adayamba kumanga galimoto zosapenta, zina dzimbiri lili poyera, zimene anthu adazitcha rat rod. Ena adabwerera ku kamangidwe ka m'ma 1940 ndendende. Ku Wildwood m'chigawo cha New Jersey galimoto zotere zakhala zikuthamangitsana pamchenga wa m'mbali mwa nyanja pa mwambo wa The Race of Gentlemen, ndipo ku Wales bungwe la Vintage Hot Rod Association lidayamba kuchita chimodzimodzi pagombe la Pendine Sands mu 2013.

Mkangano wina ndi wa anthu osunga galimoto zakale momwe zidatulukira kufakitale. Iwowa amaona kuti kucheka denga la Ford ya 1932 imene yapulumuka zaka zoposa 90 ndi kuwononga chuma chosabwerera, ndipo mfundo yawo si yopanda mutu. Chimene chidaziziritsako mkanganowu n'chakuti makampani monga Brookville Roadster ya ku Ohio amasula matupi atsopano achitsulo ofanana ndi a 1932, kotero kuti munthu akhoza kumanga galimoto "yakale" yopanda chitsulo chakale ngakhale chimodzi. Ngati imeneyo ndi hot rod yeniyeni, nawonso ndi mkangano wosatha.

Nkhawa yaikulu tsopano ndi imvi zija. Anthu amene adathamanga ku El Mirage nkhondo itangotha atsala owerengeka, ndipo luso losula chitsulo ndi nyundo silikhala m'mabuku. Nawo mchere wa ku Bonneville ukupyapyala. Mu 2014 ndi 2015 mpikisano udalephereka chifukwa cha mvula ndi kuipa kwa bwalo, ndipo othamangitsa galimoto amaloza chala migodi ya potash ya pafupi.

Alex Xydias adamwalira mu 2024 ali ndi zaka 102. Asanamwalire adathandiza kukhazikitsa sukulu yotchedwa dzina lake ku Pomona m'chigawo cha California, kumene ana a sukulu za sekondale amaphunzira kuphwasula injini ndi kukonza galimoto. Ku Pomona komweko ndiko kumachitikira Grand National Roadster Show, chionetsero chimene chidayambira ku Oakland mu 1950, ndipo chikho chake chachikulu n'chotalika pafupifupi mamita atatu.